Njira za Napolo

Kwa akulu a ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Phalombe kuli dzina limodzi limene salichula mwacibwana, ndilo Napolo. Makolo anati Napolo ndico cinjoka cacikuru cokhala pansi pa phiri, ndipo cikafuna kusamukira ku nyanja, cing'amba phirilo, nicizula mitengo, nicikokolola midzi yonse iri m'njira yace. Ena anati pakupita ico pamamveka ngati ng'oma. Ana a sukulu ambiri aseka mau amenewa, koma ife tiyambe taona mbiri yace, kuti tizindikire cimene akuluwo anaona ndi maso ao, ndi cimene sanacidziwe.

M'mwezi wa December 1946, pamene Zomba anali likulu la Boma la Nyasaland, inagwa mvula yoposa mainchesi 20 m'masiku awiri okha. Mitsinje yotsika m'phiri, monga Mulunguzi ndi Likangala, inadzala ndi matope, matanthwe ndi zipika. Maulalo anacoka, miseu inaduka, ndipo anthu oposa 20 anafa. Onse anati, Napolo wapita. Oimba a Paseli Brothers anapeka nyimbo ya tsokalo, ndipo pambuyo pace mlembi Steve Chimombo analemba ndakatulo za dzina lomweli.

Zitapita zaka 45, pa 10 March 1991, phiri la Michesi linagumuka pamwamba pa Phalombe. Miyala yaikuru ngati nyumba inatsika ndi madzi, nikwirira minda ndi midzi, ndipo anafa anthu mazanamazana. Caka comweco Boma linakhazika lamulo la kukonzekera ngozi ndi kuthandiza ogwa m'tsoka.

Zitapitanso zaka 32, m'mwezi wa March 2023, anafika namondwe wochedwa Freddy. Iyeyu anabadwira kutali kufupi ndi Australia, naoloka nyanja yonse ya India, nakhala masiku 36, koposa anamondwe onse olembedwa m'mabuku. Matope a phiri la Soche anagwera nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mapiri anang'ambikanso. Akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zao.

Nanga cigumula phiri nciani? Pa mapiri athu dothi ligona pamwamba pa thanthwe lolimba. Mvula ikabvumba masiku angapo kosaleka, dothilo limwa madzi kufikira lilema, ndipo pansi pace paterera. Pamenepo litsetsereka, nilitenga miyala ndi mitengo kulowa nazo m'khwawa. Nthawi zina zinthuzi zichinga mtsinje kanthawi, ndipo pakuphulika mcingowo madzi atsika onse pamodzi. Ng'oma zija anazimva makolo ndiyo miyala yogundana m'matope.

Tsono tiona kuti m'nthano yao munali nzeru yeniyeni. Iwo anati Napolo ali nazo njira zace, ndipo sasokera. Nafenso titi, madzi saiwala khwawa. Pamene pali miyala yobulungira iri mbwee pakati pa munda kutali ndi phiri, pamenepo cigumula cinapita kale, ndipo cidzapitanso. Munthu woopa cinjoka sanamanga m'njira yace, ndipo manthawo anamsunga. Koma nthano yomweyo inaphunzitsanso ena kuti palibe cocita munthu, popeza mwini phiri apita pamene afuna. Ndipo maganizo otere agoneka anthu tulo.

Cifukwa ninji anthu abwerera ku malo oopsa? Coyamba, zaka za pakati pa tsoka ndi tsoka linzace zicuruka. Amene anaona amwalira, ndipo adzukulu ayesa mbiriyo nthano cabe. Caciwiri, dothi la m'tsinde mwa phiri ndi la m'madimba liri la conde, pakuti cigumula comwe ndico cinalitula pamenepo. Cacitatu ndico usiwa: wobwera m'tauni wopanda ndalama apeza malo otsika mtengo pa mtsetse, ndipo nkhalango imene mizu yace ikadagwira dothi isanduka makala. Mu 2023 a zanyengo anacenjeza pa wailesi namondwe asanafike. Koma kumva cenjezo nkwina, kukhala nako kothawira nkwina. Munthu sasiya msanga mbuzi zace ndi nkhokwe yace usiku, ngati sanauzidwe kumene akagone.

Cifukwa cace ife a m'midzi tisadikire Boma lokha. Mfumu ndi akulu aonetse anyamata njira zakale za madzi, ndipo malo a nyumba asagawidwe m'menemo. Mudzi upangane mvula isanayambe za malo okwera ndi otetezeka, kapena sukulu kapena nyumba ya mapemphero, ndi za amene adzanyamula nkhalamba ndi odwala. Aliyense adziwe zizindikiro: ming'alu yatsopano pa mtsetse, akasupe otumphuka pamene panalibe, mitengo yopendekeka, kugunda kwa m'phiri, ndi mtsinje wophwera dzidzidzi mvula irikugwa. Woona izi asacedwe kumanga katundu. Atenge ana, nathawire cam'mbali kucoka m'khwawa, osati kutsika nalo, pakuti matope athamanga koposa munthu.

Mvula sitingathe kuiletsa, koma pomanga nyumba tisankha ndife, ndipo mitengo ya m'phiri iri m'manja mwathu. Tiwauze ana athu zaka izi, 1946, 1991 ndi 2023, ndi kuwaonetsa makwawa amene madzi anadzera, kuti angamange m'njira ya Napolo.