Matuza a penti pa makoma a nyumba

Matuza a penti ndi kutukumuka komwe kumaoneka pakhoma penti ikalekana ndi pulasitala, kenako n'kuyamba kukanganuka. Amisiri amati khoma "lamwa madzi", chifukwa kawirikawiri gwero la vutoli ndi chinyezi. Mu Lilongwe limaoneka kwambiri m'nyumba zakale za m'madera monga Area 15, omwe anakula pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba, ntchito yomwe inafika pachimake mu 1975. Nyumba za zaka zimenezo zapakidwa penti pamwamba pa inzake kambirimbiri.

Zoyambitsa

Mvula ya ku Lilongwe imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Dothi likakhuta madzi, njerwa zootcha zimakoka chinyezi kuchokera pansi ngati chingwe cha nyali. Omanga amatchinga chinyezichi poyala pepala lakuda lapulasitiki pamwamba pa maziko, lomwe amalitchula DPC. Pepalali likang'ambika, kapena dothi la maluwa likaunjikidwa mpaka kulipitirira, madzi amakwera, ndipo matuza amandanda m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapyola mita imodzi. Nthawi zambiri pamakhalanso ufa woyera, womwe ndi mchere wotuluka m'njerwa ndi m'simenti.

Matuza a m'mwamba amaloza ku malata odontha kapena ming'alu, pomwe a kuseri kwa bafa ndi khitchini amaloza ku mpope wobooka. Ena amachokera pa kapakidwe: kupaka pa pulasitala wosauma, pakhoma lafumbi, pa laimu wakale, pa dzuwa loswa mtengo la Okutobala, kapena kuika penti yamadzi pa yamafuta osayamba wakwecha.

Kuzindikira gwero

Thuza limodzi likabooledwa limanena zambiri. Ngati mkati mukuoneka pulasitala wonyowa kapena wofumbutuka, vuto ndi madzi; ngati mukuoneka penti yakale youma bwino, yalephera kugwira ndi yapamwamba yokha. Njira ina ndi kumata kapulasitiki pakhoma ndi tepi m'mbali zonse kwa masiku awiri. Madontho a mkati mwake amasonyeza kuti chinyezi chikuchokera m'khoma.

Kukonza

Choyamba ndi kutseka njira ya madzi: kukonza denga ndi mipope, kukumba ngalande, ndi kutsitsa dothi kuti DPC ikhale masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Kenako penti yonse yofooka imapalidwa, mchere n'kuchotsedwa ndi bulashi youma, pakuti madzi amaubwezera m'khoma. Pulasitala wovunda amagumulidwa, ndipo watsopano amafunika pafupifupi masabata anayi kuti aume. Akatero amakwechedwa ndi sandipepala, n'kupakidwa andakoti woyenera simenti, kenako penti kawiri, yoyamba ikauma. Wopala penti yakale avale chotchinga mphuno ndipo ana akhale kutali, chifukwa penti zina zamafuta zimakhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa mwana.

Nthawi yoyenera

Miyezi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndiyo yabwino, makoma atauma. Mabanja ambiri amakonda kupaka mu Disembala pokonzekera Khirisimasi, koma apo makoma amakhala atamwa kale madzi, ndipo matuza amabwerera mvula isanathe. Kwa okhala m'nyumba zalendi, ndi bwino kudziwitsa eninyumba matuza akangoyamba, pulasitala asanavunde.