Mbiri ya Galimoto Zoyendera Magetsi ndi Haidrojeni

Mbiri ya galimoto zoyendera magetsi yakhala ikutsatira mbiri ya batire, popeza galimoto yotere imayenda mtunda wokhawo umene mphamvu yosungidwa m'batire lake yalola. M'chaka cha 1859, Gaston Planté wa ku France anapanga batire la mtovu ndi asidi, loyamba lotha kutchajidwanso mphamvu ikatha, ndipo mu 1881 Gustave Trouvé anayendetsa njinga yamagetsi ya matayala atatu m'misewu ya Paris. Mu 1899, galimoto yamagetsi yotchedwa La Jamais Contente, yoyendetsedwa ndi Camille Jenatzy wa ku Belgium, inakhala yoyamba kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola, ndipo cha m'ma 1900 pafupifupi galimoto imodzi mwa zitatu zilizonse ku United States inali yamagetsi.

Ulemerero umenewu sunakhalitse. Mafuta ochuluka amene anatumphuka ku Spindletop m'chigawo cha Texas mu 1901 anatsitsa mtengo wa petulo, kenaka mu 1908 Henry Ford anatulutsa Model T imene anthu wamba ankakwanitsa kugula, ndipo mu 1912 kampani ya Cadillac inayamba kuika sitata ya Charles Kettering, imene inathetsa ntchito yowawa yoliza injini popukusa ndi dzanja. Mabatire a mtovu anali olemera, ankachedwa kudzaza, komanso magetsi anali asanafike kumidzi, motero galimoto zamagetsi zinazimiririka kwa zaka zambiri.

Kusowa kwa mafuta kwa mu 1973 kunadzutsanso kafukufuku, ndipo ntchito ya Stanley Whittingham, John Goodenough ndi Akira Yoshino inabala batire la lithiamu, limene limasunga mphamvu zambiri pamene ilo ndi lopepuka. Kampani ya Sony inayamba kuligulitsa mu 1991, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Batire limeneli ndi limene linayendetsa Tesla Roadster mu 2008 ndi Nissan Leaf mu 2010, ndipo pofika 2023 galimoto zamagetsi zogulitsidwa pa chaka zinayandikira 14 miliyoni, zoposa theka mwa izo ku China. Ku Norway, kumene magetsi ambiri amachokera kumadzi, pafupifupi galimoto 9 mwa 10 zatsopano zogulidwa mu 2024 zinali zamagetsi okhaokha.

Haidrojeni, mpweya wopepuka kuposa mipweya yonse, wadzera njira ina. Mu 1839 William Grove wa ku Wales anasonyeza kuti haidrojeni akakumana ndi okosijeni m'chipangizo chotchedwa fuel cell amapanga magetsi, ndipo chotsalapo ndi madzi okha. General Motors inayesa njirayi pa galimoto ya Electrovan mu 1966, koma Toyota Mirai inafika pamsika mu 2014. Ubwino wa galimoto ya haidrojeni ndi woti thanki imadzaza m'mphindi zochepa, komabe haidrojeni wambiri lero amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha, zimene zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko. Akapangidwa pogawa madzi ndi magetsi, mphamvu yoposa theka imatayika popanga, popanikiza, ponyamula ndi posandutsanso magetsi, pamene batire limafikitsa gawo lalikulu la mphamvu kumatayala. N'chifukwa chake akatswiri ambiri akuona kuti haidrojeni akuyenera kwambiri malole a maulendo ataliatali, sitima zapamadzi ndi mafakitale osungunula chitsulo.

Tsogolo la galimoto zonsezi lagona pa migodi ndi pa malo opangira magetsi. Kobalti woposa theka wa padziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, mkuwa wa ku Zambia ukufunika pa mawaya ndi injini, ndipo mu 2022 Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithiamu yosayenga pofuna kuti phindu lina litsale kwawo. Galimoto yotchajidwa ndi magetsi a malasha imangosamutsira utsi kumalo opangira magetsiwo, choncho mayiko amene adzapinduledi ndi amene akulimbitsa magetsi a madzi, dzuwa ndi mphepo, kukonza mawaya ogawira magetsiwo, ndi kukhazikitsa njira zochotsera zitsulo m'mabatire akutha kuti zigwirenso ntchito.