Thukuta ndi Malipiro m'Makomboni a Lusaka

Chitupa ndi denga

Pamene Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'chaka cha 1935, munthu wakuda sanali kuyesedwa mwini mudzi, koma mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa m'thumba. Ndipo popeza nyumba inali kudza pamodzi ndi ntchito, tsiku limene bwana anamchotsa munthu ndilo tsiku limene denga linamchokeranso pamutu. Komboni ya Matero inamangidwira olembedwa ntchito. Otsalawo anakamanga zisakasa pa mafamu a eni ake, nalipira lendi ya malo, ndimo mmene anaphukira makomboni a George ndi Kalingalinga.

Mutu umodzi susenza denga

Kulimba mtima kwa antchito kunayambira kumigodi. Pa sitalaka ya 1935 anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya, mwazi unakhetsedwanso ku Nkana mu 1940, kufikira mu 1949 okumba mkuwa anamanga bungwe lawo, mtsogoleri wake Lawrence Katilungu. Frederick Chiluba, amene analowa upulezidenti mu 1991, anatulukira m'bungwe lalikulu la antchito la ZCTU.

Chimene lamulo linena

Amayi olawirira m'mamawa ku Mtendere ndi ku Kalingalinga kukachapa ndi kulera ana m'nyumba za ku Kabulonga anakhala zaka zambirimbiri akulandira monga mwa chifundo cha abwana, pakuti lamulo linawakumbukira mochedwa, mu 2011, pamene linaika malipiro awo otsikitsitsa pa K250,000 ya ndalama zakale pamwezi. Mu 2012 anakwera kufika K522,400, ndipo mu Januwale 2024 anafika K1,300 ya ndalama zatsopano. Lamulo la ntchito la 2019 lipatsanso mayi woyembekezera tchuthi cha masabata 14. Muwerenge manambalawa kawiri, inu akuluakulu, chifukwa alipo mabwana amene amadyera pa kusadziwa kwa wantchito.

Amene lamulo siliwafika

Komatu lamulo limalondola munthu amene ali ndi bwana wodziwika ndi malipiro a pamwezi. Mayi wa ku Kanyama amene akhala padzuwa tsiku lonse ndi hamala, kuswa miyala yogulitsa pa wilibala, alibe womlemba, alibe tchuthi, alibe penshoni. Momwemonso mnyamata wa ku Chawama wosenza matumba pa msika wa Soweto, amene mtengo wa ganyu yake umapanganidwa pakamwa, katundu ali kale pamutu. Akadwala, tsikulo unga sugulidwa.