Anthu Ophunzira ndi Bwalo la Mpira

M'mwezi wa December caka ca 2012 kunabuka mkangano umene unafika m'nyuzi za maiko ambiri. Mnyamata wa ku Argentina, Lionel Messi, anali atapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa m'caka ca 1972, ndipo anthu anali kunena kuti palibe wina anacitapo zotere m'caka cimodzi. Pamenepo akulu a mpira a ku Lusaka anatsutsa, nanena kuti Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene anthu anamucha Ucar monga mabatire aja osatha msanga, anamwetsa zigoli 107 m'caka comweco ca 1972. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga ciwerengero ca masewera a m'kati mwa dziko liri lonse, cotero sakanatha kubvomereza kapena kukana. Mwini wace sakanadzinenera, pakuti anafa m'caka ca 1993. Mboni zimene zinatsala zinali nyuzi zakale zofiira ndi pfumbi, ndipo anthu a kuno anayamba kuzibvundukula tsamba ndi tsamba, kuwerenga cigoli cimodzi cimodzi.

Ine nchito yanga ndi ya ukalaliki m'Boma, ndipo ndidziwa bwino kuti mlandu wopanda failo ndi mlandu wakufa, cinkana mudzi wonse udziwe zoona zace. Nkhani ya Chitalu inandibvuta mtima, ndipo ndiyo inandicititsa kufunafuna mabuku a anthu ophunzira amene afufuza za masewera, kuti ndione cimene anapeza, ndiponso cifukwa cace anacedwa kotero kufika pa bwalo la mpira.

Kucedwako sikunali kwa kuno kokha. Ngakhale ku Ulaya akatswiri a mbiri anali kuyesa kuti mbiri yeniyeni ndi ya mafumu, nkhondo ndi malamulo, koma masewera ndi zacibwana. M'caka ca 1938 Johan Huizinga wa ku Holland analemba buku lochedwa Homo Ludens, m'mene anati kusewera kuli pa tsinde peni peni pa miyambo ya anthu, ndi kuti milandu ya pabwalo, ndakatulo ngakhale nkhondo ziri ndi maonekedwe a masewera. Munthu amene anakhalapo pansi pa mtengo kuonerera akulu ali pa nsolo sangadabwe nazo zimenezi. M'caka ca 1963 C. L. R. James wa ku Trinidad anaturutsa Beyond a Boundary, nasonyeza kuti pa cisumbu cao kalabu imene munthu anali kuseweramo cricket inali kuulula khungu lace ndi cuma ca banja lace. Koma mabuku otere anali owerengeka.

Cimene awerengi ambiri sadziwa ndi cakuti dziko lathu lino liri ndi mbali yace m'ciyambi ca maphunziro amenewa. M'caka ca 1937 kunakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute, nyumba yofufuza za makhalidwe a anthu. Mkulu wace woyamba anali Godfrey Wilson, amene anaphunzira za moyo wa anchito a ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Pambuyo pace panadza Max Gluckman. Anthu awa anali ndi funso limodzi lalikuru: kodi munthu akacoka kumudzi nakalowa m'komboni ya mgodi, amasanduka munthu wotani?

Mmodzi wa iwo, J. Clyde Mitchell, anayankha funsoli mwa njira imene anzace sanaiganizire. Iye anapita kukaonerera gule. Pa Sabata masana ku Luanshya anyamata a mtundu wa Abisa anali kubvina kalela, ndipo Mitchell anaona zinthu zimene wopita m'njira sakanazisamala. Ng'oma zao zinali za migolo ya mafuta. Obvina sanabvale zikopa kapena nthenga, koma mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopukuta. M'gulu lao munali wina wochedwa mfumu, wina wobvala mkanjo woyera wa dotolo, ndi mkazi wobvala ngati namwino. Nyimbo zao anaziyimba m'Cibemba ca m'tauni, ndipo zambiri zinali zotama mtundu wao ndi kuseka mitundu yina. M'kabuku kace ka The Kalela Dance, ka m'caka ca 1956, Mitchell anafotokoza kuti mtundu umene munthu amachula m'tauni suli cimodzimodzi ndi uja wa kumudzi, wa mfumu ndi minda ndi manda a makolo. M'tauni dzina la mtundu limakhala ngati cizindikiro cothandiza munthu kudziwa momwe angakhalire ndi alendo zikwi zambiri amene wakumana nao. Anafotokozanso za cimbuya ca Angoni ndi Abemba, amene kale anali kulasana ndi mikondo koma tsopano amatukwanana moseka ndi kuikana maliro. Ife a kum'mawa sitifuna buku kuti tidziwe zimenezi, koma ndibvomereze kuti ndisanawerenge Mitchell sindinadzifunsepo cifukwa cace cimbuyaco cinakula kwambiri ku migodi kuposa kwathu.

Gule ameneyu anali ndi kholo lace, ndilo mbeni, ndipo Terence Ranger analondola mapazi ace m'buku la m'caka ca 1975, Dance and Society in Eastern Africa. Beni anayambira m'midzi ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamcere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Dzinalo linacokera ku bandi ya asilikari. Magulu ace anali opikisana awiri awiri, okhala ndi maudindo ngati a nkhondo, ndipo asilikari ndi amtengatenga a nkhondo ya 1914 ndiwo anamwaza guleyo m'kati mwa dziko. Mganda ndi malipenga ndi abale ace. Tsono taonani: gulu la anyamata lokhala ndi dzina, yunifomu, kapitao, msungi wa ndalama, tsiku lokumana ndi adani ace, ndi khamu la anthu oimirira m'mbali kukuwa. Kodi kusiyana kwace ndi timu ya mpira kuli pati? Ine ndiganiza kuti mpira unapeza nyumba yomangidwa kale, nungolowamo.

Cinkana zinali conco, palibe mmodzi wa ofufuza a nthawi ija amene analemba buku la mpira wa ku migodi. A. L. Epstein analemba za ndale ndi mabungwe a anchito a ku Luanshya m'caka ca 1958. Mai Hortense Powdermaker wa ku America, amene anakhala ku Luanshya komweko m'zaka za 1953 ndi 1954, anasamala kwambiri za wailesi, kanema ndi nyuzi m'buku lace la Copper Town. Bwalo la mpira linali pafupi pomwepo, phokoso lace anali kulimva ndithu.

Coseketsa ndi ici. Gluckman atapita ku Manchester m'caka ca 1949 anasanduka wokonda Manchester United kotheratu, ndipo anali kutenga ophunzira ace kupita nao ku Old Trafford. Wophunzira wace wina, Ronald Frankenberg, anatenga nzeru zija zinaphunziridwa m'midzi ya mu Africa napita nazo ku mudzi wina wa ku Wales, nakhala kumeneko monga momwe Azungu anali kukhalira pakati pa ife ndi kabuku m'manja. M'buku lace la Village on the Border, la m'caka ca 1957, anasimba za kalabu ya mpira ya m'mudzimo. Anapeza kuti mikangano ya mabanja, ya machalichi ndiponso ya amuna ndi akazi inali kuturukira m'komiti ya mpira. Eni mudzi, posafuna kuyambana poyera ndi abale ao, anali kukonda kuika mlendo pa mpando, ndipo zinthu zikaonongeka mlendoyo ndiye anali kusenza mlandu. Paja timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeneko kalumoko kanali kumceka mwini wace. Ali yense amene anakhalapo mlembi wa timu ya m'komboni adzaizindikira nkhani imeneyi. Frankenberg yemweyo anadzaphunzitsa pa University of Zambia ufulu utabwera.

Kumwera, N. A. Scotch analemba m'caka ca 1961 za matimu a Azulu a ku Durban, amene anali kulemba nchito sing'anga ndi kugona pamodzi usiku wa mpira monga ankhondo akale. Nkhani ya mankhwala imakondweretsa alendo, ndipo ena aikuza kuposa muyeso, ngati kuti Mwafirika sadziwa kuti timu yosacita maphunziro a thupi imagonja. Za izo ndingolekeza pomwepa.

Mbiri yeniyeni ya masewera a mu Africa inayamba kulembedwa mocedwa. Phyllis Martin analemba za Brazzaville m'caka ca 1995, Laura Fair za Zanzibar m'caka ca 2001, ndi Peter Alegi za South Africa m'buku la Laduma! m'caka ca 2004. Onsewa anapeza cinthu cofanana: Azungu anabweretsa mpira ndi colinga cao, eni dziko naulanda ndi kuupatsa nchito yina. Mwana wa dziko lino, Hikabwa Chipande, amene anaphunzira pansi pa Alegi ku Michigan State University natsiriza m'caka ca 2015, ndiye anafufuza za kwathu, powerenga makalata akale a migodi ndi a Boma ndi kuceza ndi akulu amene anasewera nthawi zija.

Kuti timvetse zimene iye anapeza tiyenera kukumbukira zaka ziwiri. M'caka ca 1935 anchito anakana nchito ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaomberedwa nafa. Akulu a Boma anakayikira magulu a mbeni kuti ndiwo anali kutumiza mau kucokera ku mgodi wina kunka ku wina. M'caka ca 1940 zinacitikanso, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17. Eni migodi anaona kuti mnyamata amene waweruka nchito ndipo alibe cocita ndi woopsya. Cotero anakuza nchito ya welofeya, namanga maholo ndi mabwalo, nagula mipira ndi majezi, ndipo ndalama zambiri za nchito zotere m'matauni zinali kucokera ku phindu la mowa wa m'biyaholo. Munthu anali kulipira yekha mpira umene unayenera kumkhazika cete.

Koma sunamkhazike cete monga anayembekezera. M'makalabu anthu anaphunzira kusankha atsogoleri, kulemba maminiti, kusunga thumba ndi kutsutsana ndi bwana wa welofeya pa za malamulo. Pa bwalo mnyamata wonyamula zitsulo pansi pa mgodi anali kukhala munthu wochuka amene dzina lace lidziwika kufikira ku Lusaka. Azungu anali ndi bungwe lao la mpira kuyambira m'caka ca 1929, ndipo anthu akuda anali kusewera paokha. Mpanda umenewu unagwa m'caka ca 1962, pamene inayamba National Football League yosasankha khungu, Roan United ya ku Luanshya nikhala yoyamba kupambana, Mufulira Wanderers ya Samuel Ndhlovu, uja anali kumucha Zoom, nitsatira m'caka ca 1963. Tionetsetse zakazo: pa bwalo la mpira tsankho linatha zaka ziwiri mbendera isanasinthe.

Kufufuza kotere kumatithandizanso kumvetsa zimene tinaona ndi maso athu. Ine ndinali mnyamata m'caka ca 1988, pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0 pa masewera a Olympic ku Korea, Kalusha Bwalya namwetsa zitatu. Tinayesa kuti ndi mwai, kapena mphatso ya munthu mmodzi. Sitinadziwe kuti kumbuyo kwace kunali zaka zambiri za makalabu a ana m'makomboni a migodi, aphunzitsi olipidwa ndi kampani, ndi nchito zopatsidwa kwa osewera kuti asade nkhawa ndi cakudya. Mtengo wa kopa utagwa, ndipo migodi ya ZCCM itagulitsidwa pofika caka ca 2000, mabwalo ambiri anamera udzu. Ngakhale ngozi ija ya pa 27 April 1993, pamene ndege ya asilikari inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ndi kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18 pamodzi ndi Chitalu mphunzitsi wao, wolemba mbiri sangaione ngati tsoka cabe. Ayenera kufunsa cifukwa cace timu ya dziko inali kuyenda ulendo wautali wa ku Dakar pa ndege yotere, ndipo yankho lace liri m'mbiri ya cuma ca dziko.

Pali cimodzi cimene ndiwadandaulira ophunzirawa. Mabuku ao ali m'Cingerezi, amasindikizidwa kutali, ndipo mtengo wace kalaliki sangaukwanitse. Nkhalamba imene inapereka masana ace onse kuyankha mafunso siidzawerenga zimene inanena. Ndiponso maso ao ali pa migodi ndi pa njanji. Za mpira wa m'masukulu a mishoni a kum'mawa, kumene ife tinasewera opanda nsapato pa bwalo la minga, ndi za nechibo ya alongo athu, zalembedwa zocepa. Akazi a Copper Queens anafika ku World Cup m'caka ca 2023, koma amai amene anayamba kumenya mpira anthu akuwaseka akukalamba, ndipo ofufuza ayenera kuwafikira msanga.

Komabe mlandu waukuru uli ndi ife osunga mapepala. Pa ofesi yina pamene ndinagwirapo nchito ndinapeza m'cipinda ca kumbuyo mitolo ya mafailo a komiti ya masewera ya boma lija. Denga linali kudontha, ndipo ciswe cinali citalowa pansi. Ndinapempha kabati, koma anandiyankha kuti ndalama za kabati palibe. Nditabwerako ku chuti ndinapeza mesenjala atasesa cipinda conse, mitolo ija ataitentha kuseri kwa ofesi pamodzi ndi zinyalala. Anali wokondwa ndi nchito yace, ndipo sindinathe kumkalipira.

Mwezi watha ndinapita kukaona mkulu wina amene anali mlembi wa timu ya m'tauni mwathu zaka za m'ma 1960. Maso ace aleka kuona bwino. Anatuma mdzukulu kukoka sutukesi ya citsulo pansi pa kama, ndipo m'menemo munali makope awiri a sukulu. Analembamo maina a osewera Loweruka liri lonse, zigoli, ndalama za lole yopita ku mpira wa kutali, ndi maina a amene analipitsidwa cifukwa cofika ataledzera. Kope lacitatu anati adzukulu anakulungira fodya. Anandibwereka awiriwo kwa masabata awiri okha, ndipo ndiri kuwakopera madzulo ndikaweruka.