Mbiri ya Kusamuka kwa Ophunzira m'Makoleji a ku California

Ku America si chachilendo kuti wophunzira ayambe maphunziro pa koleji ina n'kukatsiriza pa ina. Komabe amene afuna kusamuka akadali m'chaka choyamba amapeza khomo lili lopapatiza, ndipo gwero la vutoli lili m'mbiri ya makoleji a m'dzikomo.

Koleji yaing'ono ya zaka ziŵiri inatsegulidwa ku Joliet, m'chigawo cha Illinois, m'chaka cha 1901. Mmodzi mwa amene analimbikitsa ganizoli anali William Rainey Harper, mkulu wa yunivesite ya Chicago, yemwe ankaona kuti zaka ziŵiri zoyambirira za ukachenjede n'zongopitiriza maphunziro a kusekondale. Chigawo cha California chinatsatira, ndipo mzinda wa Fresno unatsegula koleji yotere mu 1910.

Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, asilikali obwerera kwawo anadzaza makoleji popeza boma linkawalipirira. Ana obadwa m'zaka zimenezo analinso ochuluka zedi, moti atsogoleri a California anaoneratu kuti malo adzachepa. Motero mu 1960 anakhazikitsa dongosolo latsopano, limene Clark Kerr, mkulu wa yunivesite ya California, analimenyera kwambiri. Yunivesiteyo inayenera kusankha pakati pa ophunzira okhoza koposa, mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse otsiriza sekondale. Makoleji a boma a zaka zinayi anapatsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe makoleji aang'ono aja anatsegukira aliyense.

Kugaŵa anthu chotere kukanaoneka ngati tsankho pakanapanda lonjezo limodzi: wokhoza bwino pa koleji yaing'ono adzapeza malo kuyunivesite. Pofuna kusunga malowo, anagwirizana zochepetsa ophunzira a zaka ziŵiri zoyambirira kufikira atakhala pafupifupi 40 mwa 100 alionse. Apa ndiye pagona nkhani. Mipando inasungidwa m'chaka chachitatu, osati chachiŵiri. Mpaka lero yunivesite ya California imayang'ana makamaka amene atsiriza maphunziro okwanira zaka ziŵiri, ndipo patsogolo imaika ochokera m'makoleji aang'ono a m'chigawomo. Wa chaka choyamba, ngakhale akhale wanzeru chotani, amafika ngati mlendo wobwera nsima isanapse, ndipo nthambi zambiri za yunivesiteyo sizimulandira.

Lonjezo lija nalonso silinakwaniritsidwe mokomera onse. M'chaka chomwecho cha 1960, katswiri wina, Burton Clark, atafufuza pa koleji yaing'ono ya ku San Jose, anaonetsa kuti ambiri oloŵa ndi chiyembekezo chosamuka ankafooketsedwa pang'onopang'ono ndi alangizi mpaka kusiya okha. Ena ankasamuka ndithu, koma n'kuuzidwa kuti maphunziro ena amene anachita saŵerengedwa, choncho ayambirenso. Kwa mwana wa mmphaŵi, kubwereza kotere kunali kutaya ndalama ndi nthaŵi zimene analibe.

Panapita zaka makumi asanu kuti vutoli alipezere mankhwala. Mu 2010 nyumba ya malamulo ya California inakhazikitsa digiri yapadera ya zaka ziŵiri. Woipata amatsimikiziridwa malo m'chaka chachitatu ku California State University, ngakhale kuti si nthaŵi zonse pamene amapatsidwa nthambi imene mtima wake unkafuna.