Lamya ya mu ofesi idzera kuti? Mbiri yake kuyambira pa waya wa Rhodes mpaka kwa Chikweo

Kwa Chikweo, kum'mawa kwa boma la Machinga kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kuli chipatala chaching'ono, ofesi ya alangizi a zaulimi, apolisi ndi sukulu. Ofesi iliyonse ili ndi akuluakulu ake kutali. Achipatala amatumiza odwala ndi malipoti ku chipatala chachikulu cha bomali chomwe chili ku Liwonde, kudzera msewu wa ku Ntaja ndi Nsanama, ndipo a ku Liwondewo nawonso ali ndi owalamula ku Lilongwe. Mawu akamachoka mu ofesi ina kupita mu inzake, pamakhala mafunso awiri: adzera njira iti, nanga alipira ndani? Makina asintha kambirimbiri pa zaka zoposa 100, koma mafunsowo akadali omwewo.

Waya woyamba kudutsa chigawo chino sunali wolankhulirana. Mu 1892 Cecil Rhodes adakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph, cholinga chake chili chokoka waya wa telegalamu kuchoka kummwera kwa Africa mpaka ku Cairo. M'zaka za m'ma 1890 wayawo udalumikiza Tete, Blantyre ndi Zomba, nupitirira ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, kenako n'kutsata nyanja mpaka ku Karonga. Ku Cairo sudafike, udathera ku Ujiji. Umatumikira bwanamkubwa, ma DC ndi amalonda, ndipo midzi ya ku Chiuta idaulambalala. Uthenga wa boma ukafika pa boma, mtunda wotsalawo amaumaliza ndi mesenjala, wapansi kapena wapanjinga.

Kumaiko a kunja lamya inali itayamba kale. Alexander Graham Bell adalembetsa yake mu 1876, ndipo mu 1878 mzinda wa New Haven ku America udatsegula ekisichenji yoyamba yotumikira anthu wamba, komwe munthu amakhala n'kumalumikiza oimba ndi oimbiridwa. Almon Strowger, yemwe ntchito yake inali yoika maliro ku Kansas City, ankakayikira kuti opareta akumpatutsira makasitomala kwa mnzake wopikisana naye. Mu 1891 adalembetsa makina olumikiza okha potsata manambala omwe woimba wasankha. Pamenepa ndi pomwe padabadwira mfundo yomwe ikugwirabe ntchito lero: manambala oyambirira ndiwo amauza makina kolowera.

Kuno kwathu makina otere adayambira m'tauni, ndipo m'maboma ambiri opareta adakhalitsa. Kuyambira 1953 mpaka 1963 za mtengatenga ndi lamya zinali m'manja mwa boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ufulu utabwera mu 1964 zidakhala nthambi ya boma la Malawi. Amene adagwirapo ntchito m'boma nthawi imeneyo akukumbukira momwe zinkakhalira. Kalaliki amanyamula foni, n'kupempha opareta wa pa positi ofesi kuti amupezere Zomba kapena Blantyre, kenako amaika foni pansi n'kudikira. Mwina ola limatha. Ikalira, amalankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa Shire, mawu akumveka pang'onopang'ono pakati pa phokoso la waya. Maofesi akuluakulu anali ndi switchibodi yawoyawo, mayi atavala zomvera m'makutu, zingwe zili m'manja, pambali pake pali buku lolembamo dzina la woimba, nambala ndi mphindi. Pa foni ya bwana pamakhala kaloko kakang'ono pa chozungulira manambala, kiyi ali m'thumba. Anthu ankaseka kalokoko, komatu iko ndi bukulo ndiwo anali malamulo a nthawiyo osankha yemwe angatulutse lamya kunja, ndipo ankagwira ntchito.

Kenako kudabwera PABX, bokosi lomwe lidatenga ntchito ya mayi uja. Ofesi ya anthu makumi asanu imatha kukhala ndi mizere inayi yokha yochokera kunja, munthu aliyense ali ndi ekisitenshoni yake ya manambala atatu. Kuimbirana mkati kunali kwaulere. Wofuna kutuluka kunja amayamba ndi 9 kapena 0, ndipo bokosilo limadziwa kuti ekisitenshoni ya mlonda ingoimba m'tauni momwemo pomwe ya bwana ikhoza kufika ku London.

Luso lenileni lidaoneka mabungwe atayamba kulumikiza mabokosi a m'mizinda yosiyana. Banki kapena kampani yokhala ndi ofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe imabwereka mzere wakewake pakati pa mizinda iwiriyo, wolipira pamwezi. Wa ku Blantyre akafuna mnzake wa ku nthambi ya ku Lilongwe amangodina ekisitenshoni. Koma akatswiri adaona kuti mzerewo ungachite zoposa apo. Ngati wa ku Blantyre akuimbira sitolo ya ku Lilongwe, bwanji lamyayo iyende pa mzere wa kampani mpaka ku ofesi ya ku Lilongwe, n'kukatulukira kumeneko ngati yoimbidwa m'tauni momwemo? Mtengo wa lamya yakutali umapewedwa. Chomwe bokosi limafuna ndi ndandanda chabe. Manambala a foni za m'nyumba oyamba ndi 01 7 anali a ku Lilongwe, 01 3 anali a kumpoto, 01 6 ndi 01 8 anali a ku Blantyre, pomwe 01 5 anali a kuno kum'mawa, monga 01 542 ya ku Liwonde. Mzere wa kampani ukadzaza kapena ukaduka, lamya imabwerera njira yodula ija. Wolemba ndandandayo akalakwitsa pang'ono, mabokosi awiri amatha kumangoponyerana lamya imodzi mpaka mizere yonse itatsekeka, kapena woimbiridwa amaona nambala ya ofesi ina n'kubwezera lamya kolakwika.

Zonsezi zinali za m'tauni. Pofika chaka cha 2000 mizere ya foni za m'nyumba m'dziko lonse sinkafika 50,000, chonsecho kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni. Zipatala zambiri za kumidzi zinkadalira wayilesi ya meseji yoyendera batire ndi sola. Namwino amaitana chipatala chachikulu kupempha ambulansi, zipatala zina zonse za pa mlongoti womwewo zikumva. Chinsinsi cha wodwala panalibe, koma bilu panalibenso, ndipo uthenga umafika.

Malamulo nawo adasintha mofulumira. Lamulo la 1998 lidakhazikitsa MACRA, ndipo mu 2000 bungwe la boma loona za makalata ndi lamya lidagawidwa pawiri, kukhala Malawi Posts Corporation ndi MTL. Pamenepo n'kuti TNM itayamba mu 1995 ndipo Celtel italowa mu 1999. Celtel idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Akuba waya wa kopa adafooketsa mizere yakale, nsanja za foni zam'manja zikumera m'misika ya kumidzi. Madera ngati kwa Chikweo adalumpha sitepe yonse ya switchibodi ndi PABX, n'kulowa m'nyengo ya foni yam'thumba.

Koma funso loti lamya idzera kuti silidathe, lidangosamukira m'manja mwa wantchito. Kuimba kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake kwakhala kodula kwa zaka zambiri chifukwa makampani amalipiritsana polandirirana lamya. Chiyambireni 2009, pomwe manambala adatalikitsidwa, aliyense amadziwa kuti 088 ndi ya TNM ndipo 099 ndi ya Airtel. Mlangizi wa zaumoyo wokhala ndi foni ya masimu awiri amayang'ana nambala ya woimbiridwa, n'kusankha simu yogwirizana nayo. Akuchita pamanja zomwe PABX ya banki inkachita ndi ndandanda yake, kungoti mayunitsi ndi a m'thumba mwake. Mabungwe ena adapeza njira ya CUG, momwe antchito awo onse amaimbirana osadula mayunitsi, bungwe n'kumalipira pamwezi. Ndi ekisitenshoni yopanda waya imeneyo, ndipo kumidzi yathandiza kuposa bokosi lililonse.

M'maofesi akuluakulu mabokosi aja adasanduka mapulogalamu a pa kompyuta. Mu 1999 Mark Spencer adatulutsa Asterisk, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ya PABX, ndipo chaka chomwecho ndondomeko ya SIP yoyendetsera lamya pa intaneti idavomerezedwa. Zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zitafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009 ndi 2010, ndipo faiba itayalidwa pakati pa mizinda yathu, kulumikiza maofesi sikudafunenso mzere wapadera wa lamya. Ofesi ya ku Balaka ndi ya ku Lilongwe zikhoza kukhala pa ndandanda imodzi, lamya zotuluka n'kumadzera pa kabokosi ka masimu komwe kamasankha netiweki yotchipa. Chitsanzo chapafupi ndi Chipatala Cha Pa Foni, chomwe bungwe la VillageReach lidayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mayi woyembekezera amaimba foni, makina n'kumupereka kwa wazaumoyo yemwe ali womasuka, iye osadziwa n'komwe kuti womuyankhayo wakhala mu ofesi iti.

Choncho palibe chovuta cha luso chomwe chingaletse chipatala cha kwa Chikweo kukhala ekisitenshoni ya ku Liwonde, namwino n'kumadina manambala atatu okha kuti apeze woyang'anira ambulansi. Chovuta ndi magetsi ndi intaneti yodalirika. Foni yakale ya waya inkalandira mphamvu kuchokera ku ekisichenji, moti magetsi akazima imalirabe. Ya pa intaneti imafa limodzi ndi magetsi, ndipo tidaona mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuti mdimawo umatha kukhala miyezi. Khonsolo kapena bungwe lomwe likufuna kulumikiza maofesi ake a kumidzi liyambe lagula sola ndi batire, lisunge njira yachiwiri pa netiweki ina, ndipo pa ndandanda yake lilembe nambala ya ambulansi pamwamba pa ya bwana.