Gawa Undi Chivunga, Mfumu ya ku Mkaika

Munthu woyenda m'misewu ya Longacres mu Lusaka, kufupi ndi maofesi a boma ndi nyumba za akazembe, akamva alonda, makalaliki ndi amayi a pamsika akucheza m'Chinyanja, kawirikawiri sakumbukira kuti mumzinda womwewu munkafika mfumu yaikulu ya Achewa, Kalonga Gawa Undi wachikhumi, Obister Chivunga Phiri, kudzasenza milandu ya dziko.

Mpando umene anaulowa unali utangozika kumene mizu m'dziko lino. Makolo ake anakhala zaka mazana ku Mano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo munali mu 1935 pamene Undi wa nthawi imeneyo anachoka m'manja mwa Apwitikizi nalowa m'Northern Rhodesia, kumene Angerezi anamuvomereza mu 1937 kukhala mkulu wa mafumu a Achewa. Chivunga analongedwa ufumu mu 1953 akali mnyamata, chaka chomwe azungu anamanga chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akuda akukana kwamtuwagalu. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya: boma linkafuna mfumu yokhometsa msonkho ndi kutontholetsa anthu, pamene anthu ankafuna mfumu yowayankhulira. Iye anaima ndi anthu ake, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964, mafumu a mitundu yonse anamuona akutsogolera Nyumba ya Mafumu muno mu Lusaka.

Koma ntchito yake imene ine ndimailemekeza koposa ndi ya uphunzitsi, ngakhale sinali ya choko ndi bolodi. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anamanga mishoni ya Magwero mu 1899, mwana wa Mchewa anakula akukokedwa uku ndi uku, sukulu ikumuuza kuti dambwe ndi mdima, akudambwe namuuza kuti sukulu imaba ana. Ndipo mwambo wa Kulamba, umene mafumu ankadza nawo kwa Kalonga ndi mitulo, unazilala m'masiku a atsamunda. Mu 1984 Chivunga anauutsanso ku Mkaika, m'boma la Katete. Chiyambire pamenepo, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amagwada mmodzimmodzi pamaso pa Gawa, kunena za njala, matenda ndi mtendere wa midzi yawo, anamwali akutsika ndi chisamba, zilombo zikutimbirira fumbi pabwalo, ndipo pakati pa owomba m'manja pamakhala aphunzitsi, madokotala ndi akulu a mpingo, osachitanso manyazi ndi mwambo wa amayi awo.

Chivunga anagona mu 2004, atalamulira zaka 51, ndipo m'malo mwake munalowa Frederick Daka. Mu 2007 apulezidenti Mwanawasa, Mutharika ndi Guebuza anakhala pamodzi pabwalo la Mkaika, mafumu a maiko awo atatu akulamba kwa Kalonga mmodzi.